Nkhani Imene Amalume a Kasiyano Sanaimalize pa Chigayo

Amalume a Kasiyano tinawaika Lachinayi lapitali, dzuwa likuswa mtengo, ndipo mkulu wa mphakati amene anawerenga mbiri yawo pamanda anati anali munthu wofatsa, wosayankhulayankhula. Ndinatsala pang'ono kuseka pamaliro. Mkuluyo wabwera kuno ku Golomoti posachedwapa, anawapeza amalume atatseka kale pakamwa. Ife amene tinawadziwa kalekale tikudziwa kuti kuchokera pa Mua mpaka pa Mtakataka kunalibe munthu wolongolola ngati iwo. Anasiya kuyankhula chifukwa cha mayi mmodzi, a Nambewe, amene anathyoledwa mkono n'kuthamangitsidwa m'mudzi muno kaamba ka nkhani ya m'buku imene amalume anatiuza. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi amalume ankafuna chinthu chimodzi chokha, kuti mayiwo awakhululukire. Izi pamanda sizinanenedwe, ndiye ndizinena ine, mwana wa mlongo wawo.

Ntchito yawo inali ya udobi pa chipatala cha mishoni, kuchapa ndi kusita nsalu za pabedi ndi mayunifolomu a anamwino. Mabuku anawayambira kumeneko. Madokotala ochokera kunja akamabwerera kwawo ankasiya katundu, ndipo pamene anzawo ankalimbirana nsapato ndi mapoto, amalume ankanyamula katoni ya mabuku imene aliyense ankailumpha. Sukulu analekera Sitandade 6 yakale ija. Chingerezi chowerenga anachikulitsa okha, ngakhale kuti poyankhula ankachithyola moti eni ake ankangogwedeza mutu mwaulemu. Buku likawafika lonyowa kapena lopindika masamba, ankaliyala patebulo, kuikapo kansalu, n'kulisita tsamba ndi tsamba ndi simbi ya makala. Ndinawaona ndi maso angawa akusita buku Loweruka, mawa lake n'kupita ku Misa ndi malaya a makwinya okhaokha.

Sankasankha. M'bokosi lawo lachitsulo, limene linkakhala pamwamba pa njerwa zothira phulusa kuopa chiswe, munali mabuku onenepa a zakuphana, pachikuto pali mpeni, mfuti kapena mkazi akukuwa. Munalinso timabuku ta makatuni, ta anthu ovala zothina amene amauluka pamwamba pa nyumba. Ndiye pansi penipeni panali mabuku a ana, a zilembo zikuluzikulu, momwe abakha amakwera basi ndipo nkhumba zimaphika tiyi. Tangoganizani bambo wa imvi, magalasi omanga ndi ulusi, atakhala pakhonde akuseka yekha buku la abakha mpaka kupukuta misozi. Ana akawazungulira ankawathamangitsa, ati adikire, ayambe amaliza iwo. Ankanena kuti mabuku a ana ndiwo ankhanza kuposa onse, chifukwa nthawi zonse mumakhala wina woti adyedwe, kungoti amamujambula ndi utoto wokongola. Za mabuku onenepa aja ankati likafika tsamba la makumi awiri munthu asanafe, ndiye kuti wolembayo analibe nkhani.

Akatekisi a nthawi imeneyo anawatsata kunyumba kukawafunsa phindu limene mkhristu amapeza powerenga za anthu ophana. Amalume anayankha kuti phindu lake ndi lomwe lija akatekisi amapeza mu fodya wa m'mphuno amene amabisa m'thumba la jekete: palibe, koma kumakoma. Sanayankhulane mpaka Pasaka.

Nkhondo yeniyeni inali ndi akazi awo, malemu a Nabanda, amene ankagulitsa zitumbuwa pamsika. Tsiku lina mapepala okulungira atawathera, anang'amba masamba akumapeto a buku limene amalume anali pakati poliwerenga. Amalume anazungulira msika wonse kufunsa aliyense amene pakamwa pake pankaoneka mafuta. Anapeza masamba anayi mwa asanu ndi awiri, koma tsamba lotchula wakupha linali litapita ku Salima ndi kondakitala wa minibasi. Mwezi wathunthu ankadya atatembenukira kukhoma. A Nabanda ankauza anzawo kuti iwo anakwatiwa pamitala, ndipo mkazi wamkulu ndi bokosi lija.

Atapuma ntchito, ofesi yawo inali khonde la chigayo cha mpunga pa Golomoti. Analibe chogayitsa. Ankangopita ndi buku m'jumbo, kukhala pa benchi, n'kumadikira kuti magetsi azime. Ndipo ankazimadi. Magetsi akazima nthawi yokolola, pachigayo pamadzaza anthu okhala pa matumba awo, osatha kuchoka kuopa kutaya malo pamzere. Pasanapite nthawi wina ankayamba: "A Kasiyano, lero akufa ndani?" Basi, amalume ankakonza pakhosi.

Sankamasulira mawu ndi mawu. Ankati mayina achizungu amatsamwitsa nkhani, ndiye zonse ankazisamutsira kwathu kuno. Mzinda wozizira wa kutsidya kwa nyanja unkasanduka Mtakataka. Sitima yoyenda pansi pa nthaka inkasanduka minibasi ya ku Balaka. Wapolisi wofufuza ankamupatsa njinga yakapalasa ndi zilonda za m'mimba. Mayina a anthu amoyo sankatchula, apo ankasamala, koma malo ankatchula enieni mpaka mtengo wake, moti ukamadutsa pa mlatho pobwerera unkasuzumira pansi kuona ngati mtembo uja ulipobe. Ife tinkazikonda zimenezo, ine kuposa onse. Magetsi akayaka, chigayo n'kuyamba kubangula, anthu ankadandaula m'malo mokondwera. Amalume ankatseka buku chala chili pakati, n'kunena kuti zotsala tidzamva akadzazimanso.

Achinyamata a masiku ano sakhulupirira ndikawauza zimenezi. Iwo anawadziwa a Kasiyano ena, okhala pa benchi yomweyo, buku litakutidwa ndi pepala la thumba la simenti kuti chikuto chisaoneke, milomo ikuyenda koma liwu osatuluka. Magetsi akazima ankangoweramira pansi. Mlendo wina akawafunsa chimene akuwerenga, ankati ndi za ulimi.

Chimene chinawasintha ndi ichi. Chaka china mpunga utacha, anatiyambira nkhani ya mwamuna wopezeka atafa m'madzi. Kaya m'bukumo unali mtsinje wanji, iwo anati tiyerekeze kuti ndi ngalande yaikulu ya ku sikimu ya mpunga ya Bwanje, pa geti pamene madzi amagawikana. Mwamunayo anali ndi bala kunkhongo, nsapato imodzi palibe. Mkazi wake anapezeka m'mawa womwewo akuchapa malaya a mwamunayo, maso ali gwa. Masiku awiri amalume anatiyendetsa mpaka pamene wapolisi uja anamumanga mkaziyo, ndipo pomwepo magetsi anayaka. Sabata imeneyo sanazimenso. Loweruka lake amalume anakwera basi kupita kumaliro a mnzawo wa udobi ku Ntcheu, komwe malungo anawagwira n'kuwagoneka masabata awiri.

Ali komweko, a Daisoni anapezeka atafa m'ngalande, pafupi ndi geti lija.

A Daisoni anali mlimi wa mpunga, munthu wa kachasu, ndipo aliyense ankadziwa kuti pochokera kumowa amadulira pa kakhoma kopyapyala ka ngalande. Apolisi anabwera, achipatala anauyeza mtembo, onse anati munthuyo anaterereka, anamenyetsa mutu, n'kumira. Nsapato imodzi madzi anali atatenga. Akazi awo ndiwo a Nambewe aja. Anali achitengwa, kwawo kuseri kwa Mtakataka, ndipo m'mudzi muno analibe mlongo kapena malume woti n'kuwaimira. M'mawa wa tsikulo, uthenga usanawafike, anali pa mjigo akuchapa, monga angachitire mkazi aliyense amene mwamuna wake sanagone pakhomo koma zovala zakuda zilipo.

Apa ndi pamene ndikulowapo ine. Tsiku lotsatira maliro a Daisoni, pa mjigo pomwepo, tili amayi asanu ndi mmodzi, ndine ndinati: "Koma abale, simukuona ngati nkhani ya amalume ija? Ngalande yomweyo, nsapato imodzi. Nanga a Nambewe si anali pompano akuchapa malaya?" Ndinanena kuti anzanga andione wochenjera. Ndinasekanso. Pofika madzulo mawuwo anali atafika kwa abale a malemuyo, ndipo anafika asalinso a m'buku. Anthu ankati a Kasiyano anadziwiratu, mabuku awo aja amaonetsa zobisika, n'chifukwa chake athawira ku Ntcheu.

Lachiwiri masana anthu anawatulutsa a Nambewe m'nyumba yamasiye. Sindifotokoza zonse. Anawang'ambira nsalu yakuda, anawamenya ndi mitengo ya mpanda wawo womwe, mkono wamanja unathyoka pawiri, ndipo khitchini anaiyatsa moto. Ana awo awiri aakazi ankaonerera atagwirana pafupi ndi nkhokwe. Ine ndinaima kuseri kwa mpanda wa oyandikana nawo, manja ali pakamwa. Wakabaza wina wachifundo anawanyamula a Nambewe kupita nawo kuchipatala, ndipo kuchoka kumeneko sanabwererenso kuno. Amuna awiri mwa amene anawamenya anagona m'chitokosi masiku angapo n'kutuluka poti mboni panalibe. Mudzi wonse unati tsikulo unali kumunda, ndi ine ndemwe. Munda wa ku sikimu anautenga a Lameki, mng'ono wa malemuyo.

Amalume anabwera ataonda, n'kumva zonse kwa a Nabanda asanavule n'komwe nsapato. Anatsegula bokosi, anatenga buku lija, n'kukakhala kuseri kwa nyumba kuliwerenga mpaka kumapeto, poti nawonso anali asanalimalize. Chinali chizolowezi chawo kutiuza nkhani akuiwerenga kumene, ati kuti tizidabwira limodzi. M'mawa mwake anapita kuchigayo magetsi ali oyaka, anthu ali thothotho, n'kupempha mwini chigayo kuti azimitse makina. Anazimitsadi.

"Abale anga," anatero amalume, buku lili m'manja, "nkhani ija inali yopeka. Analemba ndi mzungu amene ku Golomoti sanapondeko. Ngalande ija ndinaikamo ndine. Ndipo ngakhale m'bukumu, mkazi uja sanaphe munthu. Anamumasula."

Kenako mayi wina kumbuyo anafunsa: "Nanga anapha ndani?"

Amalume anatsegula pamene panali chala chawo. Anayang'ana tsambalo, anakweza maso, n'kuyang'ana anthu. Ndinalipo, ndinaiona nkhope yawo ikusintha. Anatseka buku.

"Zimenezo zilibe ntchito," anatero.

"Mwaona!" anakuwa bambo wina. "Palibe wina wake. Akungomuikira kumbuyo mkaziyo!"

Anthu anaseka. Wina anati makina ayake, ife tabwera kudzagayitsa. Amalume anatsika pakhonde paja anthu akuwakuwiza, ndipo kuyambira tsiku limenelo ngakhale amene poyamba ankakayika anatsimikiza kuti a Nambewe anapha amuna awo.

Ndinawakwiyira zaka zambiri chifukwa cha kutseka buku kuja. Ndinkati akanangotchula wakuphayo, dzina la a Nambewe likanayera, ndipo nanenso mtima ukanandipepuka. Onani kudzikonda kwanga. Anandiuza chifukwa chake patapita zaka zisanu, tikuchokera kukalambula manda a akazi awo. M'bukumo wakupha anali mng'ono wake wa mwamunayo, ankafuna malo. Ndipo pamene amalume anakweza maso pachigayo paja, kutsogolo kwenikweni kunali a Lameki, atakhala pa matumba a mpunga wa m'munda wa mkulu wawo.

"Ndikanatchula, mphwanga," anatero, "Lameki sakanaliona dzuwa likulowa. Ndipo Lameki sanaphe munthu, Daisoni anagwa yekha. Ndinali nditathyola kale mkono wa munthu mmodzi ndi pakamwa pangapa. Ndikanaonjezanso maliro?"

Sindinawauze kuti amene anatchula dzina la a Nambewe pa mjigo ndine, ndipo ngati ankadziwa, sanandifunsepo mpaka kufa kwawo.

Anayesa kusiya kuwerenga. Tsiku lina anabwera ndi bokosi lija pa njinga n'kulisiya kwathu, ati ndichite nalo zimene ndikufuna, kaya kukolezera moto. Pasanathe masabata awiri anabweranso, chipewa chili m'manja, maso ali pansi ngati mwana wakuba shuga, kudzafunsa ngati ndinali nditakolezera kale. Atapeza kuti bokosilo lilipobe, analinyamula. Anandiuza kuti chimene chimawachititsa manyazi kwambiri n'chakuti mabuku a zakuphana aja sanasiye kuwakomera. Ankayembekeza kuti ayamba kuwawa, koma ayi, mtima unkagundabe chimodzimodzi wapolisi akamayandikira khomo la wakupha. Ankati izo n'chimodzimodzi ndi kachasu wa Daisoni, munthu akudziwa kumene wamufikitsa koma akumufunabe.

Chaka chilichonse mpunga ukalowa m'nyumba, ankapalasa njinga kupita kwa a Nambewe, atamanga kathumba ka mpunga ndi mabuku awiri kapena atatu a ana. A Nambewe akangowaona patali ankalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Amalume ankakhala pa mwala pabwalo ola lathunthu, chipewa chili pa bondo, kenako n'kusiya katunduyo pakhonde n'kubwerera. Mpunga unkabwera mawa lake ndi wakabaza, thumba losamasula. Mabuku sankabwera. Amalume anakhalira kachiyembekezo kameneko zaka zonsezi, ndipo anapitiriza kupititsa mabuku a abakha ngakhale pamene ana aja anali atakula n'kukwatiwa.

Chaka chino sanathe kupita. Miyendo inatupa, mpweya unayamba kuwathawa, ndipo achipatala anatiuza mwaulemu kuti tikawasamalire kunyumba. Lachisanu lina anandiitana pamphasa pawo.

"Mphwanga, pita ukawauze a Nambewe kuti ine ndikupita. Sindikupempha zambiri. Angobwera adzakhale pansi, ngakhale osayankhula."

Ndinafuna kutuma wina, koma panalibe woti n'kumutuma. Ndinakwera minibasi mpaka pa Mtakataka, kenako kabaza. Ndinawapeza a Nambewe pakhonde akutonola chimanga ndi dzanja lamanzere, chisononkho atachipana ndi mawondo. Mkono wamanja unapola mokhota, uli ngati nthambi youma. Aka kanali koyamba kuwaona chichokereni.

"Ndakudziwani," anatero ndisanamalize moni. "Ndinu a pa mjigo aja."

Ndinagwada pabwalo pomwepo.

"Mayi, amalume adwalika. Akupempha kuti mukawaone."

Anatonola chimanga chija mpaka kuchimaliza, n'kutenga china.

"Akuluwo ankanena za m'buku lawo," anatero. "M'bukumo dzina langa munalibe. Munaliikamo ndinu. Zaka zonsezi amabwera iwo, pa njinga, ndi ukalamba wawo uja. Ine ndinkadikira inu. Lero mwabwera, koma mwabwera ndi uthenga wa eni."

Ndinati pepani. Liwulo linatuluka laling'ono moti ine ndemwe ndinachita nalo manyazi.

"Mabuku awo ndinkawapatsa ana, poti ana sanalakwe kanthu," anapitiriza. "Kawauzeni kuti ndilibe nawo mawu, abwino kapena oipa. Koma kumudzi kwanuko phazi langa silidzapondako, kaya kuli matenda, kaya kuli maliro. Muyende bwino."

Njira yonse yobwerera ndinkakonza mmene ndikawauzire. Nditalowa m'nyumba amalume anadzutsa mutu, maso ali pa ine, ndipo zonse zimene ndinakonza zinathawa. Ndinati a Nambewe avomera, abwera akangomaliza kutonola chimanga.

Sindinawaonepo atakondwa chotero chiyambire za pachigayo zija. Anandituma kwa aphunzitsi oyandikana nafe kukabwereka mpando wawo wotsamira, wa manja m'mbali, ati munthu wa mkono wovuta sangakhale pamphasa, podzuka angavutike. Anandiuza pouika, pafupi ndi khomo pamene pamalowa kamphepo, moyang'anana ndi mphasa yawo. Anati ndiwamete ndevu. Anati ndisunge mazira awiri, mlendo asadzabwerere ndi njala. Belu la njinga likalira kumsewu ankadzutsa mutu n'kundiyang'ana, ine n'kutuluka panja ngati ndikukaona, n'kubwera kudzanena kuti ndi wogulitsa usipa. Loweruka linadutsa, Lamulungu, Lolemba. Sanadandaule. Ankangoti chimanga chachuluka chaka chino, ndipo ndi dzanja limodzi ntchito imachedwa.

Anamwalira Lachiwiri m'mawa, atagonera kumbali ya kukhomo.

Dzulo ndinapita kukasesa m'nyumba mwawo. Zovala abale anagawana tsiku lomwe tinameta, njinga inapita ndi mdzukulu wa ku Salima, mphasa tinaitentha. M'chipindamo mwangotsala fungo la mankhwala opaka miyendo ndi misomali iwiri kukhoma. Mpando uja udakali pamene anandiuza kuti ndiuike, wayang'ana pansi popanda kanthu, ndipo fumbi layamba kukuta pokhalira pake. Aphunzitsi afunsa kawiri ngati tamaliza nawo, ine ndimangoti mawa. Ndinasesa mozungulira miyendo yake, osausuntha, ndipo potuluka chitseko ndinachisiya chotsekula.